Kulima Zopereka kwa Osowa ku Mangochi: Masamba, Mbatata, Khobwe, Maungu kapena Chinangwa?

Anthu ambiri kuno ku Mangochi, ena paokha, ena m'magulu a kumpingo, a kumzikiti kapena a banki m'khonde, amafika pa maganizo opatula mizere ingapo ya m'munda kapena mabedi angapo a kudimba kuti zokolola zake zipite kwa amene alibe. Ku America kuli malo okhazikika olandirirako chakudya chogawira osowa, ndipo kuyambira 1995 kwakhala kuli ntchito yotchedwa Plant a Row for the Hungry, yolimbikitsa eni madimba a pakhomo kubzala mzere umodzi wapadera wa anthu anjala. Kuno kwathu olandira ndi ena: sukulu za mkombaphala, malo osamalirako ana amasiye, makomiti oyendera okalamba ndi odwala matenda a mgonagona m'midzi, ndiponso amayi amene ali kuchidikiro m'zipatala. Ambiri mwa iwo amaphika pa mafuwa, alibe firiji, ndipo mosungira mwawo ndi kachipinda ka malata kamene kamasanduka ng'anjo mu Okutobala. Pa chifukwa chimenechi, mbewu yoyenera kubzala isankhidwe poyang'ana khitchini imene ikalandire, osati poyang'ana chimene chimamera mosavuta m'dimba la woperekayo.

Zoyenera kuyeza musanagwire khasu

Mbewu iliyonse m'munsimu ndaiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake, chisamaliro chimene imafuna, ndi zoopsa zake. Pa mtengo ndikuwerengera zinthu zimene mlimi ayenera kugula ndi ndalama, chifukwa chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja, kaya feteleza, mankhwala kapena mbewu za m'mapaketi, chakwera mtengo kwambiri kuposa zimene timapatsana m'mudzi. Kupezeka kuli pawiri: kupezeka kwa mbewu yobzala, ndi mwezi umene chakudyacho chimacha.

Mfundo ya mweziyi ndi imene opereka ambiri amaiphonya. Njala imaluma kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene nkhokwe zatha ndipo chimanga sichinache, koma m'miyezi yomweyo ndiwo zamasamba zimakhala paliponse, chifukwa bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimangomera m'minda. Chimene chimasowa pa nthawiyo ndi chakudya chokhutitsa. Masamba amasowa mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa litaphulika ndipo madimba ambiri atauma. Munthu wopereka mtolo wa masamba mu Febuluwale wapereka chimene wolandirayo akanathyola yekha kuseri kwa nyumba, pamene mtolo womwewo mu Novembala ndi thandizo lenileni.

Mfundo ina ndi ya mphika. Sukulu zambiri za mkombaphala zimaphika phala lokha, osati nsima ndi ndiwo. Mtolo wa mpiru wothyoledwa mbandakucha, ukamangidwa pa keriya wa njinga n'kuyenda nawo pa dzuwa la kunyanja, umafika cha m'ma 10 koloko utafota kale, ndipo mayi wophika amaupeza atathira kale phala m'makapu a ana. Sangausunge mpaka mawa, ndiye amagawana ndi anzake kuti akaphike kunyumba. Palibe wolakwa apa, koma ana amene mpiruwo unalimidwira sanaulawe. Funsani kaye komiti ya sukuluyo kuti amaphika chiyani, masiku ati, ndipo ali ndi posungira potani.

Masamba a kudimba: mpiru, repu, chainizi ndi bonongwe

Mtengo woyambira ndi wochepa ngati madzi ali pafupi. Paketi imodzi ya mbewu imadzaza nazale yokwanira mabedi angapo, ndipo mbewu ya bonongwe ndi mpiru wamakolo munthu amatha kusunga yekha chaka ndi chaka. Ndalama zimalowa pa makeni othirira, pa mpanda, pa mankhwala a nsabwe za m'masamba, ndipo kwa gulu lofuna dimba lalikulu, pa thiredo pampu kapena pampu ya sola, imene ndi yokwera mtengo kuposa zonse zotchulidwa m'nkhani ino. Manyowa a khola ndi a kompositi amakwanira masamba popanda feteleza, malinga akhale owola bwino.

Mbewu imapezeka m'masitolo a zaulimi pa boma, ku Monkey Bay, ku Namwera ndi m'misika ina yaikulu. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangotha milungu itatu kapena inayi, ndipo mpiru, repu ndi chainizi zimatenga mwezi ndi milungu ingapo kuchokera pofesa. Vuto ndi lakuti repu ndi chainizi zimakonda nyengo yozizira ya Meyi mpaka Ogasiti, nthawi imene aliyense wa dimba amakhala nazo, mtengo wake pamsika umatsika, ndipo chakumapeto kwa nyengoyi sukulu zimakhala pa tchuthi chachitali cha kumapeto kwa chaka cha maphunziro. Bonongwe ndiye amapirira kutentha kwa m'mbali mwa nyanja, ndipo ndi amene ndingalimbikitse kwa wofuna kupereka masamba mu Okutobala. Kumtunda kwa Namwera, kumene kumazizirirapo, masamba onsewa amachita bwino kwa miyezi yochulukirapo.

Chisamaliro chake ndi cholemera kuposa cha mbewu zina zonse. Dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja silisunga madzi, ndipo m'nyengo yotentha mabedi amafuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, popanda Lachisanu kapena Lamulungu. Kuphimbira mabedi ndi udzu kumachepetsa ntchitoyi koma sikuithetsa. Magulu ambiri amayamba ndi moto, koma kukakhala maliro kapena ukwati m'mudzi, dimba limakhala masiku awiri osathiriridwa, ndipo masiku awiri a mu Okutobala ndi okwanira kupha nazale yonse. Gulu lisanayambe lilembe ndondomeko ya othirira, yokhala ndi wolowa m'malo wa tsiku lililonse.

Zoopsa ndi zambiri. M'chilimwe mbuzi zimangoyendayenda, ndipo dimba lopanda mpanda wolimba ndi lawo. M'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe mvuu zimatuluka usiku n'kusesa mabedi, ng'ona zimagwira anthu potunga madzi, ndipo kuima m'madzi osayenda tsiku ndi tsiku kumabweretsa likodzo. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera kwambiri n'kumiza nyumba, malo ogona alendo ndi minda ya m'mphepete, zimene zikutikumbutsa kuti dimba la m'gombe lenileni si lodalirika. Choopsa chachikulu kwa ana ndi mankhwala: masamba opopera sayenera kuthyoledwa masiku olembedwa pa botolo asanakwane, ndipo wopereka kwa ana aang'ono ndi odwala ayenera kukhwimitsa lamuloli kuposa wogulitsa pamsika.

Njira yopulumutsira masamba ilipo, ndipo ndi ya makolo athu: mfutso. Masamba owiritsa pang'ono, oyanika pa thandala laukhondo, makamaka pamthunzi podutsa mphepo kuti asataye mtundu ndi mphamvu, amasungika miyezi. Mfutso wosinja bwino ungathe kusakanizidwa pang'ono m'phala. Ndikuona kuti gulu lolima masamba opereka popanda kufutsa limataya gawo lalikulu la thukuta lake.

Mbatata yofiira mkati

Iyi ndi mbewu imene ndikuiika patsogolo, ndipo ndikhalapo nthawi yotalikirapo.

Mtengo wake waukulu ndi mbewu ndi ntchito younga mizere. Mbatata imabereka ndithu pa dothi lamchenga popanda feteleza wambiri, simafuna chigayo, ndipo imapsa msanga, motero imapulumutsa nkhuni, zimene ndi katundu wolemera kwa amayi ophika mongodzipereka. Mitundu yofiira mkati imene akatswiri a zaulimi anatulutsa m'dziko muno ndi monga Zondeni, Kadyaubwerere, Anaakwanire, Mathuthu, Kaphulira ndi Chipika. Ubwino wake wapadera ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi chitetezo cha mthupi mwa mwana, ndipo kambatata kamodzi kapakatikati kamakwaniritsa zimene mwana wamng'ono amafuna pa tsiku. Mbatata yoyera mkati ilibe mwayi umenewu, ngakhale imakhutitsa chimodzimodzi.

Kupezeka kwa mbewu ndiye chopinga chenicheni. Mvula ikagwa mu Disembala aliyense amafuna mbewu ya mbatata, koma kholowa wambiri amakhala atauma ndi dzuwa kapena atadyedwa ndi mbuzi. Mbewu yogula kwa munthu wosadziwika imatha kukhala yosakanikirana kapena yodwala, ndipo munthu amazindikira pokumba kuti wabzala yoyera. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu amadziwa alimi ochulukitsa mbewu yabwino, ndipo ndi bwino kuwafunsa mu Seputembala osati mvula itagwa. Gulu likapeza mbewu kamodzi, lisunge kabedi kotetezedwa pafupi ndi madzi, ngakhale pamene pamathera madzi otayika a pa mjigo ngati komiti ya mjigo yavomereza. Njira ina ndi kusunga timbatata tating'ono tabwinobwino m'beseni la mchenga wouma, n'kudzatibzala ndi kuthirira milungu ingapo mvula isanayambe kuti tiphukire mbewu.

Pa nkhani ya mwezi, mbatata ili ndi mwayi umene mbewu zina zilibe. Yobzalidwa ndi mvula mu Disembala kapena Januwale imakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, poti mitundu yambiri imatenga miyezi inayi kapena isanu, ndipo Kaphulira amacha msangapo. Koma yobzalidwa kudambo kapena kudimba lachinyontho mu Julayi ndi Ogasiti imacha mu Novembala mpaka Januwale, pakhomo penipeni pa njala. Gulu lokhala ndi malo achinyontho likabzala kawiri kapena katatu motalikiranitsa milungu, limatha kupereka mbatata mlungu uliwonse kwa miyezi ingapo, m'malo mokhuthula ngolo yonse tsiku limodzi. Pa nthawi yonseyi kholowa amakhala akupereka ndiwo, malinga asathyoledwe mopitirira muyeso, chifukwa kutero kumachepetsa mbatata ya pansi.

Chisamaliro ndi chapakatikati: kupalira kawiri m'miyezi yoyamba, kenako mbatata ikayanga imadziphimbira yokha. Ntchito imene siyenera kuiwalika ndi kukwezera dothi pamene mizere yang'ambika, chifukwa m'ming'alu imeneyo ndi mmene nankafumbwe wa mbatata amalowera.

Nankafumbweyu ndiye choopsa choyamba. Mbatata yosiyidwa m'nthaka youma nthawi yaitali imaboola mkati, imawawa, ndipo mwana amailavula. Chachiwiri ndi kusungika: ikakumbidwa, pa kutentha kwa kuno imakhala milungu yochepa chabe, makamaka ngati yatemeka ndi khasu. Kuisunga m'nkhuti kapena m'mchenga wouma pamthunzi kumatalikitsa masiku, ndipo ina ingadulidwe mopyapyala, kuyanikidwa ndi kugayitsa ufa wosakaniza m'phala. Chachitatu ndi akuba ndi nyama, monga anyani m'madera oyandikana ndi mapiri a ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Akuluakulu ena amati mitundu ina yofiira ndi yofewa kwambiri poyerekeza ndi imene anazolowera, koma ana amaikonda chifukwa cha kutsekemera, ndipo futali wake wotendera bwino sabwerera m'mbale.

Khobwe ndi nandolo

Mtengo wa mbewu ziwirizi ndi wotsika, chifukwa sizifuna feteleza ndipo zimawonjezera chonde m'nthaka. Ndalama zimapita pa mbewu, pa mankhwala a mbozi ndi nsabwe pa nthawi ya maluwa, ndi pa matumba osungira.

Mbewu yamakolo imapezeka pamsika uliwonse, ndipo mitundu ya makono ya khobwe monga Sudan 1 ndi Mkanakaufiti, kapena nandolo wa Mwaiwathualimi, imafuna kufunsa kwa alangizi kapena kwa ogulitsa mbewu ovomerezeka. Khobwe amapirira dzuwa kuposa nyemba, zimene sizichita bwino pa kutentha kwa m'chigwa cha nyanja, ndipo chilala cha El Niño cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, chinaonetsa kufunika kwa mbewu zotere. Khobwe wocha msanga amapereka chitambe patangotha mwezi umodzi, khobwe wamuwisi mu Febuluwale ndi Malichi, ndi wouma pambuyo pake. Nandolo amachedwa, amakololedwa m'chilimwe, koma amasiyanso nkhuni.

Chisamaliro cha m'munda n'chopepuka, koma ntchito imachuluka pokolola: kuthyola kangapo chifukwa makoko sauma tsiku limodzi, kuyanika, kumenya ndi kupeta. Kuphikanso kumadya nkhuni zambiri, pokhapokha aviikidwe usiku wonse. Kwa sukulu ya mkombaphala, khobwe wokazinga pang'ono n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga ndi mtedza amapanga phala lopatsa thanzi, ndipo motero mphatsoyi imalowadi m'kapu ya mwana.

Choopsa chachikulu chili m'thumba. Khobwe wosungidwa m'thumba wamba mu Meyi, mukamasula mu Seputembala mumapeza njere iliyonse ili ndi kabowo kozungulira, pansi pa thumba pali ufa wotuwa, ndipo tizilombo tikuuluka pamaso panu. Matumba a PICS, osalowa mpweya, amathetsa vutoli popanda mankhwala, malinga khobwe akhale wouma bwino ndipo thumba limangidwe mothina gawo ndi gawo. Kupereka khobwe pamodzi ndi thumba lotere ndi mphatso yokwanira. Kupereka wopanda thumba ndi kusamutsira nankafumbwe kwa wolandira. Kwa nandolo, mdani ndi mbuzi, zimene eni ake amazimasula chimanga chikangokololedwa, nandolo akadali m'munda. Popanda lamulo la amfumu pa ziweto, nandolo wa gulu amathera m'mimba mwa mbuzi.

Maungu

Pa mtengo, maungu ndi pafupifupi aulere, chifukwa nthangala zake munthu amapempha kwa mnansi, ndipo amabzalidwa m'munda wa chimanga momwemo. Amapereka nkhwani m'nyengo ya mvula, maungu enieni cha mu Malichi ndi Epulo, ndi nthangala zamafuta zimene zingasinjidwe zotendera. Chisamaliro chake n'chochepa: phando lamanyowa ambiri ndi kupalira koyambirira. Dzungu lokhwima bwino, lothyoledwa ndi kaphata kake ndipo losakalika, limakhala miyezi pamthunzi popanda thumba kapena mankhwala, ndipo lachikasu mkati lili ndi vitamini A. Pa kusungika m'kachipinda kotentha, palibe mbewu yaiwisi yoposa iyi.

Zofooka zake ndi zakuti amadya malo ambiri, ndi olemera kunyamula pa njinga, sakhutitsa nthawi yaitali ngati mbatata, ndipo ena amawolera m'munda akaboolewa ndi tizilombo akadali anthete. Amachanso pa nthawi imene njala yayamba kale kuchepa.

Chinangwa

Mtengo ndi wa mitengo yobzala basi, ndipo imapezeka kwa alimi a m'mbali mwa nyanja, koma iyenera kuchokera m'munda wopanda matenda a khate ndi a kuwola kwa mizu, chifukwa matendawa amayenda ndi mbewu. Chinangwa chimapirira chilala ndi dothi losauka, chimafuna kupalira m'miyezi yoyamba yokha, ndipo chimatha kukhala m'nthaka kudikira tsiku la mavuto. Chimatenga miyezi isanu ndi inayi kapena chaka chathunthu, motero si cha gulu lofuna zotsatira msanga.

Zoopsa zake ziwiri n'zofunika kuzimvetsa. Chikazulidwa chimayamba kuda mkati pakatha masiku awiri kapena atatu, pokhapokha chipangidwe makaka. Ndipo chinangwa chowawa chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikaviikidwa ndi kuyanikidwa mokwanira. Chopereka kwa ana chikhale chozizira, monga Mbundumali, ndipo wopereka anene momveka mtundu wake. Pa thanzi, chinangwa chimakhutitsa koma chilibe zomanga thupi zokwanira, choncho chiyende ndi khobwe, mtedza kapena chigwada chophikidwa bwino.

Za tomato ndi anyezi ndingonena mwachidule, poti ambiri amaziganizira. Tomato amafuna mankhwala ambiri, makamaka chibwerere kambozi ka Tuta absoluta, ndipo sakhalitsa. Gulu lodziwa kulima tomato lichita bwino kumugulitsa n'kugulira sukulu ya mkombaphala mchere, shuga, mafuta ophikira kapena soya, zinthu zimene dimba la gululo silingapereke. Anyezi amasungika bwino, koma sathetsa njala ya mwana.

Ndani alime chiyani

Banja lokhala pa boma kapena pa malo ena a malonda, lokhala ndi kabwalo kakang'ono ndi madzi a pampopi olipira, lisadzilemetse ndi mbewu zofuna malo. Mabedi awiri a bonongwe ndi mpiru, mitengo ingapo ya chammwamba m'mbali mwa mpanda, ndi chizolowezi chofutsa, n'zokwanira kuthandiza okalamba awiri kapena atatu oyandikana nawo, kapena amayi a kuchidikiro amene amaphika nsima tsiku lililonse ndipo ndiwo zatsopano amazigwiritsa ntchito tsiku lomwelo.

Gulu lokhala ndi dambo kapena dimba lachinyontho m'mbali mwa Shire, Malombe kapena mitsinje ina, lofuna kuthandiza sukulu ya mkombaphala, libzale mbatata yofiira mkati mu Julayi ndi Ogasiti, motalikiranitsa, pa malo okwererapo kuti mvula yoyamba isamize mizere, ndipo ligwirizane ndi komiti za tsiku limodzi pa mlungu loperekera. Masamba akhale owonjezera chabe.

Mlimi kapena gulu lodalira mvula yokha, ku madera ouma monga Nankumba, Chilipa kapena Makanjira, lisankhe khobwe ndi maungu m'munda womwewo, ligule matumba a PICS lisanakolole, ndipo lisunge gawo lalikulu la khobweyo kuti lidzapereke mu Januwale m'malo mopereka zonse mu Meyi. Nandolo awonjezedwe pokhapokha ngati mudziwo uli ndi lamulo logwira ntchito pa ziweto.

Gulu la anthu otanganidwa, monga asodzi, aphunzitsi kapena ochita malonda, amene angakumane kamodzi pa milungu ingapo, lisayese n'komwe dimba lothirira. Chinangwa chozizira ndi maungu ndi zimene zingapirire kusowa kwawo. Mpingo kapena mzikiti wokhala ndi malo aakulu ndi anthu ambiri ungagawe mundawo patatu, mbatata, khobwe ndi chinangwa, n'kusankha munthu mmodzi wosunga kaundula wa zimene zakololedwa, zimene zaperekedwa, ndi dzina la komiti imene yalandira.